Wogwira Mpeni ndi Wogwira Chikolopa

Ndinenerepo kuti buku limene tikambirane lero ndiliulula lonse, ndi mathero omwe. Amene simunaliwerenge musadandaule kwambiri, pakuti mwini wake anayamba yekha kuulula pachikuto penipeni. Bukuli ndi My Sister, the Serial Killer, lolembedwa m'Chingerezi ndi Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria, ndipo linatuluka mu 2018. Usanatsegule n'komwe tsamba loyamba wadziwa kale kuti wakupha anthu ndi mng'ono wa yemwe akusimba nkhaniyo.

Mabuku a Agatha Christie amakukoka ndi funso lakuti wapha ndani. A James Hadley Chase, aja ena mwa inu munkabwerekana kusekondale mpaka chikuto kuthothoka, amakukoka ndi lakuti chigawengachi chigwidwa bwanji. Braithwaite mafunso awiriwa sakuwalabadira kwenikweni. Lake ndi lakuti: mkulu amene amakolopa magazi a anthu ophedwa ndi mng'ono wake adzatopa liti?

Za mlembiyu ndingodutsa mwachangu. Anabadwira ku Lagos mu 1988, ndipo anaphunzira zamalamulo ndi luso lolemba pa Kingston University ku London. Mu 2019 bukuli linali m'gulu la mabuku 6 omaliza pa mpikisano wa Women's Prize for Fiction, linalowa mu mndandanda wa mabuku 13 a Booker Prize, ndipo linapata mphotho ya nyuzipepala ya Los Angeles Times pa mabuku a zaupandu. Ndi lalifupi, masamba ongopitirira 200 pang'ono, ndipo mitu yake ina sidzaza n'komwe tsamba. Woliyamba pa depoti ya Lilongwe akhoza kufika ku Blantyre atalimaliza, ngati basi yanyamuka mochedwa monga mwa masiku onse.

Nkhani ili motere. Korede ndi namwino pa chipatala china mumzinda wa Lagos. Ndi wachisamba, waukhondo wochita kunyanya, wosaseka wamba, ndipo amadziwa kuti anthu samuona ngati wokongola. Mng'ono wake Ayoola ndi chiphadzuwa chimene amuna amachita nacho chibwibwi. Amasoka ndi kugulitsa zovala, ndipo tsiku lake limathera pa Instagram. Usiku wina Ayoola aimba foni: chibwenzi chake, Femi, chagona m'bafa chopanda moyo, mpeni wagwira ntchito. Uyu ndi wachitatu. Asanafe Femi anafa Somto ndi Peter. Nthawi zonse Ayoola amati ankadziteteza, ndipo nthawi zonse pathupi pake sipapezeka ngakhale kachilonda. Korede aona zimenezi, pajatu ndi namwino, koma anyamulabe magolovesi, Jik ndi chikolopa n'kuliza galimoto.

Pali malo amodzi koyambirira kwenikweni amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene bukuli limamgwira wowerenga pakhosi. Atsikana awiriwa akulunga mtembo wa Femi m'nsalu zapabedi. Femi amakhala panyumba yosanja, ndiye kuti autsitse m'pofunika chikepe. Aukokera m'chikepemo movutikira, thukuta lili kamukamu. Chitseko chisanatseke, patulukira mayi wina wonyamula khanda, akufuula kuti amudikire. Korede adinikiza batani mobwerezabwereza kuti chitseko chitseke mayiyo asanafike.

Tsono dzifunseni: pa mphindi imeneyo wowerenga akufuna chiyani? Ine ndinkafuna chitseko chitseke. Ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa inu amene munaliwerenga munafunanso zomwezo. Pansi pagona mnyamata wosalakwa, wolemba ndakatulo, mwana wa eni, amene makolo ake sakudziwa kuti wafa. Mayi wa khanda uja ndiye mboni yokhayo imene ikanam'pezera chilungamo. Koma mtima wathu uli kwa akubisa mtembo. Chitseko chikatseka timapuma. Akafika pa mlatho wa Third Mainland, uja wotalika makilomita oposa 11 pamwamba pa nyanja ya Lagos, n'kuponya mtembowo m'madzi popanda wowaona, timapumanso. Pambuyo pake wapolisi wapamsewu akamuimitsa Korede, timachita kumuuza chamumtima kuti mupatseni ya fanta azipita, asasuzumire kubuti.

Ena anena kuti limeneli ndi luso wamba la alembi: ukaika nkhani m'kamwa mwa munthu mmodzi, wowerenga amakhala mbali ya munthuyo. N'zoona. Patricia Highsmith anachita zotere mu 1955 ndi Tom Ripley, wakupha amene owerenga amamufunira kuti apulumuke. Koma ine ndikuona kuti kwa wowerenga wa kuno kwathu pali chinanso. Ife Korede timamudziwa. Ena mwa inu ndinu a Korede. Munauzidwa muli ndi zaka zisanu kuti ndinu wamkulu, muzimuyang'anira mwana. Mng'ono wanu akaswa mbale yadothi, ndodo inkagwera inu, chifukwa munali kuti pamene amaswa? Akalephera mayeso, funso linkabwera kwa inu. Lero mukugwira ntchito, foni ikalira usiku mumadziwa kale kuti kaya ndi fizi, kaya ndi ngongole ya katapila, kaya ali kupolisi ndipo pakufunika womuimira pa belo. Mumadandaula, kenako mumavala nsapato. Braithwaite wangotenga ulendo wausiku umenewu, umene timautama kuti ndi umunthu, n'kuikapo mtembo kumapeto kwake.

Makolo anati chibale n'fupa, sichiola. Mwambiwu timaunena pa maliro ndi pogwirizanitsa abale amene anayambana, ndipo pamenepo ndi wokoma. Bukuli likuuyesa pamalo pamene sitikonda kuuyesa. Ngati sichiola, ndiye kuti sichiola ngakhale mbaleyo atapha atatu? Nanga anayi? Paja Ayoola sanalekere pa Femi. Anapita ku Dubai ndi Gboyega, bambo wapabanja amene ankamuthandiza ndalama za bizinesi, ndipo bamboyo anafera komweko, ati chifukwa cha chakudya choipa. Korede atamva anadziwa kuti mng'ono wake wasintha chida chabe.

Mpeni wa Ayoola uli ndi mbiri. Unali wa bambo awo. Bamboyo ankakonda kuuonetsa kwa alendo, ndipo aliyense ankamuuza nkhani yosiyana ya mmene anaupezera. Kunja anali munthu wolemekezeka, wopereka, wotchulidwa bwino kutchalitchi. M'nyumba anali chilombo. Ankamenya ana ndi ndodo, ankamenya mkazi wake, mpaka tsiku lina anabwera ndi chibwenzi m'nyumba momwemo mayi ali pompo. Choipitsitsa, anafuna kupereka Ayoola, akadali mtsikana wapasukulu, kwa mfumu ina yachuma kuti malonda ake ayende. Amene anatumidwa kudzamutenga mwanayo anali azakhali awo enieni, a Taiwo, mapasa ndi bamboyo. Ndipo amene anaima pakhomo, ndodo ya bambo ili m'manja, n'kukana kuti mwanayo sapita, anali Korede.

Apa mpamene ndimati mlembiyu ndi wochenjera. Tsiku limenelo Korede anachita bwino. Palibe mmodzi wa ife amene angamudzudzule. Mwana anateteza mwana mnzake pamene akuluakulu onse, mayi, azakhali, achibale, anali atayang'ana kumbali. Vuto ndi lakuti Korede sanachokepo pakhomo paja. Zaka zapita, bambo anafa, Ayoola ndi mayi wamkulu, woopsayo tsopano ndi iyeyo, koma m'maso mwa mkulu wake akadali kamtsikana kobisala kumbuyo kwake. Ndipo imfa ya bamboyo bukuli siliimasula bwinobwino. Timauzidwa kuti anaterereka n'kumenyetsa mutu pa tebulo, ana ake akuonerera osaitana thandizo, koma kutsogolo timamva mawu amene akutipangitsa kukayika ngati kunali kuterereka kokha. Chinsinsi choyamba cha atsikanawa ndi chimenecho, ndipo zinsinsi zinazo zangomera pamwamba pake.

Onaninso mmene banjali limachitira patatha zaka 10 bamboyo atamwalira. Likonza mwambo waukulu womukumbukira, nsalu zofanana, chakudya, nyimbo, zoyankhula zomutamanda. Aliyense m'nyumbamo akudziwa kuti munthuyo anali wotani, koma onse avala bwino n'kupita. Ayoola sanaphunzire kubisa kwa achifwamba ayi. Anaphunzira pa sukulu ya m'nyumba, pamene mwana amaona mayi ake akupaka paudala pa chotupa n'kupita kutchalitchi. Izi si za ku Nigeria kokha. Milandu ingati yogwirira ana imene imathera pa mkeka, eni mbumba atagwirizana kuti tikambirane pachibale, tisachititse banja manyazi, chonsecho ofesi yothandiza ozunzidwa ili pa polisi pompo? Amene amasenza chinsinsicho zaka zonse nthawi zambiri ndi mwana wamkazi wamkulu, amene anaona zonse n'kuuzidwa kuti atseke pakamwa.

Ndisanapitirire, ndinene kuti bukuli ndi loseketsa, mwina ndakupangitsani kuganiza kuti ndi la misozi. Femi atasowa, abale ake akufalitsa zithunzi pa intaneti kufunsa amene wamuona, Ayoola akufuna kuika pa Instagram chithunzi cha chakudya. Korede achita kumuletsa, kumukumbutsa kuti chibwenzi chako chasowa, ukuyenera kuoneka wachisoni. Ayoola afunsa moona mtima kuti chisonicho chikhala mpaka liti. Umaseka, kenako umachita manyazi kuti waseka. Mlembiyu amadziwa bwino kuika nthabwala pamalo pamene munthu sukuyenera kumwetulira.

Tsono pabwera Tade, dokotala wa pachipatala pomwe Korede amagwira ntchito. Ndi waulemu, amaimbira ana odwala, ndipo Korede wakhala akumukonda mwakachetechete, kumutengera chakudya, osanena kanthu. Tsiku lina Ayoola atulukira kuchipatalako, ndipo Tade atangomuona apempha nambala. Apa ndiye poyesera fupa lija, chifukwa tsopano amene ali pamzere wa mpeni ndi munthu amene Korede amamudziwa nkhope ndi mawu. Femi anamuona ali mtembo kale. Tade amamupatsa moni m'mawa uliwonse.

Korede ayesa kumuchenjeza. Amuuza mosabisa kuti mng'ono wanga amavulaza amuna. Tade ayankha chimene mwamuna aliyense wotengeka angayankhe, chakuti ndi nsanje. Ndipo nsanjeyo ilipodi, n'chifukwa chake chenjezolo silikumveka. Korede atamufunsa chimene amamukondera Ayoola, dokotala wophunzira chonchi asowa chonena kupatula kukongola. Owerenga ena, makamaka amayi, pamenepa amamutaya Tade n'kunena kuti zimuonekere. Ine ndimakana. Kupusa pa chikondi si mlandu wophera munthu, tikanatero bwenzi m'chipinda muno muli mipando yambiri yopanda anthu.

Pali kachinthu kena kakang'ono kamene ambiri amakadumpha. Tade atumiza maluwa, Ayoola anena kuti si mtundu umene amaukonda, Tade atumiza ena. Usiku Korede, mtima utamuwawa, athothola maluwa onsewo. M'mawa mayi awo afunsa kuti wachita izi ndani, ndipo Ayoola anena kuti ndi iyeyo. Akudziwa bwino kuti ndi mkulu wake, koma am'bisa. Kodi ndi chikondi, kapena akumukumbutsa kuti nanenso ndimakusungira zako? Bukuli silikutiuza, ndipo lachita bwino. Pachibale zinthu ziwirizi zimayendera limodzi moti nawonso eni ake sangazilekanitse.

Chinsinsi chimalemera, ndipo Korede alibe mnzake. Ndiye amakakhala pambali pa bedi la Muhtar, bambo amene wakhala chikomokere kwa miyezi, amene abale ake anachepetsa kudzamuona, n'kumamuuza zonse: maina, mpeni, mlatho. Akuulula kwa munthu amene akuganiza kuti sadzadzuka. Muhtar adzuka, ndipo akukumbuka. Mlembi wina akanamusandutsa mdani wofuna ndalama kuti asaulule. Braithwaite amusandutsa munthu yekhayo amene akumuona Korede ngati munthu payekha, wosakhala mchemwali wa uje. Muhtar sakumuopseza. Akumuuza kuti akhoza kusankha njira ina, ndipo potuluka m'chipatala amusiyira nambala yake ya foni.

Mapeto ake ndi awa. Ayoola ayesa kumubaya Tade, alimbana, ndipo mpeni ulowa mwa Ayoola yemweyo. Apolisi afika. Mawu a Tade ndi akuti anafuna kundipha, a Ayoola ndi akuti anandiukira. Amene angamasule nkhaniyi ndi Korede, amene akudziwa zoona zonse. Aima ndi mng'ono wake. Udokotala wa Tade uthera pomwepo. Pepala la nambala ya Muhtar alitentha. Ndipo buku likutha mwamuna wina watsopano atafika pakhomo kudzaona Ayoola.

Owerenga ambiri amakwiya ndi mathero amenewa. Amati nanga chilungamo chili kuti, tawerenga masamba onsewa kuti zinthu zibwerere pomwe zinayambira? Mkwiyowu ndimaumva, koma sindigwirizana nawo. Korede akanapita kupolisi, tikanatseka buku mitima ili mbee, tikudziona ngati anthu abwino amene anali mbali ya chilungamo kuyambira pachiyambi. Chonsecho tinali m'chikepe muja tikudinikiza nawo batani. Mlembi watikaniza madzi osambira m'manja, ndipo ndikuganiza kuti anachita dala.

Chimene ine chimandipweteka m'bukuli si Tade. Ndi Mohammed. Mwina ena mwamuiwala kale, ndipo kuiwalako ndi mbali ya nkhani. Mohammed ndi wokolopa pachipatala. Tade atagula mphete yoti afunsire Ayoola, Korede aiwononga mobisa n'kusokoneza ofesi kuti zioneke ngati mwalowa wakuba. Mlandu ugwera Mohammed, ndipo ntchito imuthera. Korede, amene panthawiyi wakwezedwa kukhala mkulu wa anamwino, angoyang'ana. Apa palibe Ayoola, palibe mpeni, palibe bambo wankhanza. Ndi Korede yekha, munthu amene takhala tikumumvera chisoni, akutaya munthu wosauka kuti adzipulumutse. Palinso Peju, mlongo wake wa Femi, amene akuyendayenda kufunsa kumene kuli mlongo wake. Nayenso ndi mbale wa munthu. Nayenso chibale chake n'fupa. Koma banja lake silidzaika maliro, silidzamanga chiliza, chifukwa banja lina linaganiza kuti mwana wawo ndi wofunika kuposa wa eni. Banja likamasunga chinsinsi chotere limaganiza kuti likulipira lokha ndi kusowa tulo, koma ngongole yeniyeni imakagwera anthu akunja, ndipo kawirikawiri ndi amene alibe wowayankhulira.

Pali pamene bukuli landiperewera. Ayoola sitimulowa m'mutu. Tikumuona ndi maso a mkulu wake okha, ndipo maso amenewo ali ndi chikondi ndi nsanje, motero mpaka kumapeto amakhala ngati chidole chokongola chogwira mpeni. Kunena kuti nkhanza za bambo ndizo zinamupanga wakupha n'kosavuta kwambiri, pakuti ana ambiri akulira m'nyumba zoterezi osapha munthu. Apolisi nawonso alembedwa ngati anthu ongofuna ziphuphu basi, moti sitichita mantha enieni kuti atsikanawa agwidwa. Koma izi n'zazing'ono.

Mwina wina afunsa kuti kodi alipo munthu amene anasankha njira imene Korede anaikana. Alipo, ndipo nkhani yake si yopeka. Ku America, pakati pa 1978 ndi 1995, munthu wina ankatumiza mabomba m'maphukusi, makamaka kwa anthu a m'mayunivesite ndi a makampani a ndege. Anapha anthu 3 ndi kuvulaza 23. Apolisi a FBI anamusaka zaka 17 osamupeza. Mu Sepitembala 1995 nyuzipepala ya Washington Post inasindikiza chikalata chake chachitali, pokhulupirira kuti wina adzazindikira kalembedwe kake. Amene anayamba kukayika anali Linda Patrik, ndipo anakakamiza mwamuna wake, David Kaczynski, kuti achiwerenge. David atawerenga anamva mawu a mkulu wake Ted, katswiri wa masamu amene anasiya ntchito pa yunivesite ya Berkeley n'kukakhala yekha m'kanyumba ka matabwa ku Montana. Mlendo sakanazindikira. Anazindikira mng'ono amene anakula akumva munthuyo akuyankhula, amene anali ndi makalata ake m'nyumba.

David anavutika nazo mumtima, pakuti ankadziwa kuti mkulu wake akhoza kupatsidwa chilango cha imfa. Anakanena ndithu kudzera mwa loya. Ted anamangidwa pa 3 Epulo 1996, ndipo mu 1998 anavomera milandu n'kupatsidwa ukaidi wa moyo wonse. Boma linamupatsa David mphotho ya madola 1 miliyoni imene linalonjeza, ndipo gawo lalikulu analipereka kwa mabanja a ophedwa ndi ovulala. Pambuyo pake anakhala zaka zambiri akulimbana ndi chilango cha imfa ku New York. Anapulumutsa anthu amene sadzawadziwa maina. Koma mkulu wake sanamukhululukire. David anapitiriza kumulembera makalata kundende, ndipo Ted anafa mu Juni 2023 asanayanjane naye.

Sindinabweretse David kuti ndimuchititse manyazi Korede. Ndamubweretsa kuti muone mtengo wake, chifukwa ife owerenga timakonda kulamula anthu a m'mabuku kuti achite zolungama ngati kuti n'zaulere. David anali bambo wamkulu, ali ndi mkazi womulimbikitsa, loya, ndi dziko limene linamumvera. Ngakhale zinali choncho anataya mbale wake yekhayo. Korede alibe mwamuna, alibe mnzake, mayi ake amagona ndi mapiritsi ndipo akadzuka amangoganiza za ukwati wa Ayoola. Iye mwini anataya kale mitembo, ndiye akaulula akalowa limodzi. Ndipo ukamuchotsera ntchito yoteteza mng'ono wake, sakudziwa kuti iyeyo ndi ndani, pakuti kuyambira ali mwana palibe anamuuzapo kuti ndi wofunika pa chifukwa china.

Ndaona kuti bukuli achisamba ndi azime amaliwerenga mosiyana. Achisamba amati Ayoola ndi wodzikonda, akumudyera mkulu wake masuku pamutu. Azime amati Korede amakonda kufunidwa, ndipo akanakhala kuti sanabwere ndi chikolopa pa Somto, sipakanakhala Peter kapena Femi. Pamenepa azime ali ndi mfundo yolimba, ngakhale kuti sindikonda kuwavomereza. Nthawi ya mafunso yakwana, ndipo ndikupempha kuti ayambe ndi azime, poti kunyumba achisamba munayankhula kokwanira.